Nyimbo Yopanda Chikuto

Alesandriya, 3 Malichi 1937

Amayi anga okondedwa,

Ndikupsompsona dzanja lanu ndili kutali kuno. Mawondo aja akukuvutanibe? Ife tili bwino, ndipo bambo a Krisula akupereka moni.

Khalani pansi musanamve izi. Mdzukulu wanu Krisula wafunsiridwa mbeta. Mnyamatayo ndi Timoleon, wa banja la a Skarlatu, ogula thonje aja. Ndi wofatsa, ndipo Krisula akangomva dzina lake mbale imamupulumuka m'manja. Koma pakhomo paja mawu omaliza ndi a mayi wake, amene ndi amasiye. Mayi Skarlatu amasefa anthu ngati ufa. Chaka chatha anathetsa ukwati wa mwana wawo wamkulu mphete zitagulidwa kale, atangomva kuti azakhali a mtsikanayo ankaimba m'nyumba ya khofi. Mtsikanayo mpaka lero satuluka pakhomo.

Ife tilibe chobisa. Ndawauza monga zilili, kuti malemu bambo ankaphunzitsa ana a anthu piyano, inu munkasoka madiresi, ndipo dzina lanu la kwanu ndinu Evanthia Dragona. Alemba zonsezi m'kabuku. Akuti mchimwene wawo abwera ku Atene m'nyengo ya Pasaka kudzafunsa za ife kwa anthu oyandikana nanu, monga umachitira mwambo.

Tsono ndili ndi pempho. Mayi amenewa amakonda nyimbo zakale za m'zisudzo zoseketsa zija ankachitira panja ku Atene nyengo yotentha. Ali ndi mulu wa mapepala ake osindikiza, amaziimba okha pa piyano. Akuti nyimbo ilibe tchimo, tchimo lili ndi akazi okwera nayo pa nsanja. Pali imodzi imene aifunafuna zaka zambiri osaipeza, ya Nyale ya Mumsewu. Malemu amuna awo ankaiimba mwa mluzu pometa ndevu. Ine ndinawauza kuti bambo anga ankaiimba imeneyo, ndipo ili m'bokosi lawo lokhoma lija. Ndawalonjeza. Tumizani mapepala onsewo ndi munthu wa pa sitima, musachedwe.

Mwana wanu,
Polikseni

Atene, 15 Malichi 1937

Mwana wanga Polikseni,

Kalata yako andiwerengera a Lambros a m'chipinda cha pansi, amenenso akulemba inoyi. Ndawauza kuti alembe mawu anga okhaokha, asathiremo shuga wawo.

Ndili moyo. Mawondo ndi omwe aja. Za Krisula ndamva, ndipo ndayatsa kandulo ku tchalitchi.

Koma ndifunse. Mayi wa kabukuyo dzina langa la kwathu akulifuniranji? Ine ndakhala mkazi wa bambo ako zaka makumi anayi, ndipo dzina lawo landikwana. Nanga mchimwene wawoyo ndi wa zaka zingati? Anakhalapo ku Atene ali mnyamata? Abwera tsiku liti, ndipo amaoneka bwanji? Undiyankhe chimodzichimodzi, usalumphe.

Za mapepala, m'bokosi muja munalowa chinyezi, makoswe nawonso anadyamo. Palibe chotumiza kwa anthu aulemu. A Lambros aima kulemba, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Lembani, bambo, cholembera ndi chanu koma kalata ndi yanga.

Ukanandifunsa usanalonjeze. Ndili ndi nsalu ya patebulo imene ndinaluka zaka ziwiri, ya maluwa a mphesa m'mbali. Ngakhale mkazi wa dokotala anaipempha, ine ndinakana. Imeneyo ndiyo mphatso yochokera kwa munthu wosoka. Nyimbo uzisiye.

Chifikireni kalata yako chakudya sichikulowa. Mwina ndi nyemba za nyengo yosala ino.

Mayi wako,
Evanthia

Alesandriya, 28 Malichi 1937

Amayi,

Moni wanga landirani, koma kalata yanu yandiliza.

Makoswe ake ati? Bokosi limene mumalipukuta Loweruka lililonse, limene simunatilole ngakhale kulikhalira? Nenani poyera kuti mukukakamira zinthu za bambo. Nanenso ndimawakumbukira, amayi, koma iwo anapita, Krisula ali moyo.

Lachisanu Mayi Skarlatu anandifunsa pamaso pa alendo. Anati, "Nyale yathu ija yazima panyanja kodi?" Anthu anaseka, ine nkhope inatentha. Kenako anati, "Ine munthu wolonjeza chimene alibe ndimamuopa." Nsalu za patebulo ali nazo zodzaza kabati.

Mchimwene wawo ndi wa zaka ngati zanu, wamtali, wovala zoyera nthawi zonse. Anaphunzira sukulu ku Atene. Mukufunsiranji ngati wapolisi?

Ngati ukwati uwu ungafe chifukwa cha mapepala akale, sindidziwa kuti ndidzamuuza chiyani mwanayu. Iye wayamba kale kusoka zilembo za dzina la Timoleon pa mapilo.

Polikseni

Atene, 9 Epulo 1937

Polikseni,

Kalata ino uwerenge uli wekha, ukatha uiwotche. Moni ndidzapereka tsiku lina.

Mtolo wa mapepala uli m'njira. Ndinaupereka Lachiwiri kwa a Manolis, ophika mu sitima. Ukafika usaupereke kwa mayi uja. Ngati waupereka kale, pita ukautenge, unene chilichonse, unene kuti muli nsikidzi.

Tsopano imva chifukwa chake. A Lambros, lembani pang'onopang'ono, pasatayike mawu.

Kusoka ndinasokadi, sindinakunamize. Koma ndisanasoke ndinali woimba pa nsanja zaka zitatu. M'zisudzo zija mtsikana aliyense ankavala ngati chinthu cha mumzinda, wina ngati kasupe wa madzi, wina ngati nyuzipepala, n'kumaseka akuluakulu a boma m'nyimbo. Ine ndinali Nyale. Ndinkasenza nyale ya gasi pamutu, siketi yolekeza pamwamba pa mawondo, n'kumaimba zimene nyale imaona anthu aulemu akuchita mumsewu. Bambo ako sankaphunzitsa ana nthawi imeneyo, ankaimba piyano kunsi kwa nsanja. A Lambros awa ankakhala m'kabokosi kutsogolo, kutinong'oneza mawu tikaiwala. Popeza sindiwerenga, nyimbo zonse anandilowetsa m'mutu ndi pakamwa pawo.

Nyimbo ya Nyale itatchuka anaisindikiza, pachikuto n'kujambulapo ine, miyendo yonse pamtunda. Pepalalo linafika mpaka kumudzi kwathu. Agogo ako aamuna anauza anthu kuti ndinafa ndi malungo. Anawiritsa tirigu wa mwambo wa akufa, wansembe n'kumudalitsa, mudzi wonse n'kudya, ine ndili wamoyo ku Atene. Ndi chifukwa chake sunaonepo abale anga.

Kalata yako yokwiya ija itafika ndinaganiza nzeru. Ndinatsegula bokosi, ndinang'amba chikuto cha Nyale, ndinang'ambanso zikuto za nyimbo zina zonse kuti imodziyo isadabwitse. Zonse ndinawotcha pa mbaula. A Lambros sindinawauze, ndinkadziwa kuti alira ngati mwana.

Dzulo masana abwera kudzamwa khofi, ine n'kudzitama.

Ndinati, "Ndathana nazo. Nkhope yanga yapsa, mayi uja alandire nyimbo yake."

Anaika kapu pansi. "Mwawotcha chiyani, Evanthia?"

"Zikuto."

"Nanga tsamba loyamba?"

"Tsamba loyamba ndi timadontho tokhatokha, ngati zitosi za ntchentche."

"Mayi inu, zaka zonsezi simunafunsepo kuti timawu tili pamwamba pa timadonthopo timati chiyani?"

Ndinati ndi dzina la nyimbo. Anapukusa mutu. Akuti osindikiza ankaika dzina la woimba pamwamba pa mzere woyamba, kuti pepala ligulidwe msanga. Anawatchula mawuwo pamtima, nkhalamba yosaiwalayi: monga anaiimbira Evanthia Dragona, anthu n'kumubwezera pa nsanja katatu.

Dzina lomwe lija lili m'kabuku ka mayi uja.

Tinatsikira ku doko la Pireya ndi mawondo angawa. Sitima inali itanyamuka kalekale. Inoyi ipita ndi ya Loweruka, ndiye kuti ili m'mbuyo masiku anayi. Ndapempha Namwali Woyera kuti a Manolis aledzere, aiwale mtolo pansi pa matumba a anyezi.

Sindikupempha kuti undikhululukire, ndipo sindinabe kanthu ka munthu. Ndikungoti thamanga.

Mayi wako,
Evanthia

Alesandriya, 12 Epulo 1937

Amayi anga okoma mtima,

Ndikupsompsona manja onse awiri. Mundikhululukire mawu oipa aja. A Manolis afika ndi mtolo m'mawa uno, akununkha anyezi. Sindinafune n'komwe kumasula chingwe chanu, ndangoukulunga m'pepala labwino n'kupita nawo ndekha.

Mayi Skarlatu anali ndi alendo a komiti ya ana amasiye, choncho angosuzumira pamwamba. Afunsa za zikuto, ine ndati makoswe. Munkanenadi zoona, amayi, ine n'kumakutsutsani. Iwo ati, "Makoswe a ku Atene ndi ophunzira, amadya zithunzi n'kusiya nyimbo." Aika mtolowo pa piyano, akuti aumasula bwinobwino mlungu ukatha. Anandigwira dzanja potuluka, chinthu chimene sanachitepo.

Akukamba zoti chinkhoswe chichitike Pasaka ikangodutsa, ukwati mu Seputembala. Yambani kusoka diresi lanu. Krisula akuti nkhata za ukwati zoveka akwati kumutu mudzazigwire ndinu polowa nazo m'tchalitchi.

Mwana wanu wokondwa,
Polikseni

Atene, 4 Meyi 1937

Mwana wanga,

Khristu wauka. Mazira ofiira a Pasaka ndinaphika, koma adya ndi a Lambros.

Kalata yako yokondwa ija inadutsana ndi yanga panyanja. A Lambros atafika pa mawu akuti aika mtolowo pa piyano, ndinawauza kuti asiye kuwerenga, ndinatuluka panja kukapuma mpweya. Chichokereni tsiku limenelo papita pafupifupi milungu itatu, sitima zabwera zinayi, iwe uli chete. Wa mtengatenga akamadutsa amangondigwedezera mutu ndisanafunse.

Kodi yanga ija inafika? Kodi anaitsegula ndi amuna ako? Kodi Krisula akudya?

Munthu wa zoyera uja wabwera. Lachitatu la Sabata Loyera ndinali kwa a Thanasis ophika buledi, ndikudikira thireyi yanga ya mabisiketi ituluke mu uvuni. Analowa bambo wamtali, ndodo ya mutu wasiliva m'manja, n'kufunsa nyumba ya mkazi wa malemu mphunzitsi wa piyano.

A Thanasis anati, "Mwayi wanu, bwana, ndi awa aima apawa. Akudikira mabisiketi awo olimba ngati miyala ya kumanda."

Tsiku lina ndikanawayankha a Thanasis mpaka makutu kuwawawa. Tsiku limenelo ndinangoyang'ana ku uvuni. Bamboyo anavula chipewa n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

Anati, "Mayi, sitinaonanepo?"

Ndinati, "Ngati munabweretsapo diresi kudzasoketsa, bwana."

Anaseka. "Ayi. Koma mawu anuwa. Tanenaninso kanthu."

Ndinaloza pakhosi n'kutsokomola, ndinati chimfine. Ndinamupatsa khofi kunyumba monga kuyenera, ndi chipatso cha m'shuga pa kambale, ndikuyankha ndi mutu wokha. Anayang'ana piyano ya bambo ako, anayang'ana bokosi. Pochoka anapita kwa wansembe ndi kwa akazi a pampopi. Zimene anamuuza sindikudziwa.

Anyamata a sukulu ngati iyeyo ankakhala pa mipando ya kumbuyo ku zisudzo zija, n'kumaponya zipewa m'mwamba. Ndinkawaona onse, nyale ili pamutu.

Tsono imva maganizo anga. Ngati mayi uja wawerenga dzinalo, umuuze kuti sindine mayi wako wokubala, ndinangokulera. Unene kuti mayi wako anali munthu wabwino wa ku zilumba amene anafa pobereka. A Lambros akana kulemba zimenezi kawiri, ndawauza kuti ndipita kwa wolemba makalata wa pa positi, ndiye alemba. Ndikalumbira pamaso pa wansembe ngati angafune. Tirigu wanga anadyedwa kale kamodzi, sindinamve kuwawa m'thupi.

Ungondilembera mzere umodzi, ngakhale wotukwana.

Mayi wako,
Evanthia

Alesandriya, 16 Meyi 1937

Amayi,

Waukadi. Makalata anu onse awiri anafika, ndipo palibe wawaona koma ine.

Sindinalembe chifukwa dzanja linkakana. Ndinakwiya, amayi. Zaka zonsezi ndinkadabwa kuti bambo akayamba nyimbo ija inu mumatulukiranji m'chipinda. Ndinkati simukonda phokoso.

Kalata yanu yoyamba ija itafika ndinathamangira kwa Mayi Skarlatu. Mtolo unali utachoka pa piyano. Anandilandira bwino, osanena kanthu, ine osafunsa kanthu. Anakhala chete choncho pafupifupi mwezi wathunthu. Chinkhoswe osachitchula, Timoleon osabwera. Krisula ankandifunsa kuti walakwa chiyani.

Lolemba lapitali anandiitana. Anatseka chitseko cha chipinda cha piyano, n'kuika pepala lija patebulo, kabuku pambali pake.

Anati, "Dzina ili ndi lofala kwanu?"

Ndinati, "Si lofala."

"Ndiye ndi iwowo."

"Ndi amayi anga." Zimene munandiuza kuti ndinene zija zinali pakamwa, koma sizinatuluke, ndipo musadzandipemphenso.

Kenako anati mchimwene wawo wabwerako, ndipo msewu wonse wachitira umboni kuti ndinu mayi wosoka wopemphera, wolusa pang'ono. Akuti anabwera akudandaula kuti mawu anu akumukumbutsa munthu wina koma sakumupeza. Anatinso mwana wawo wamkulu sanawalankhule chaka chonse chifukwa cha ukwati unathetsedwa uja, ndipo Timoleon wanena kuti akamuchita zomwezo akwera sitima ya ku Amereka.

Anatenga sizasi m'dengu la zosokera, n'kudula kamzere ka dzina lanu pamwamba pa tsamba, mowongoka bwino. Anandipatsa m'manja. Ndakaika m'kalata muno.

Anati, "Ukwati uchitika. Koma mayi anu ku Alesandriya asaponde, pa ukwati kapena pa ubatizo wa mwana. Muno muli nkhalamba zambiri zimene zinali anyamata ku Atene, ndipo mchimwene wanga sangaiwale kawiri. Krisula asadziwe. Munene kuti mawondo."

Ndinavomera, amayi. Ndinavomera ndisanakufunseni, monga ndinachitira poyamba paja.

Chinkhoswe chinachitika dzulo masana. Krisula anavala chobiriwira, anali ngati inu pa chithunzi cha ukwati wanu. Atatha kudya, Mayi Skarlatu anakhala pa piyano n'kuimba ya Nyale. Amaiimba pang'onopang'ono ngati ya m'tchalitchi, maso ali m'mwamba, akukumbukira amuna awo. Madoda atatu a imvi anaimirira n'kuyamba kuvomereza, mawu onse akuwadziwa. Mmodzi anati, "Mtsikana ankaimba imeneyi anali moto. Kaya anathera kuti." Ine ndinapita kukhitchini kukathandiza kutsuka matambula.

Ngati simundilemberanso ndimvetsa.

Mwana wanu,
Polikseni

Atene, 27 Meyi 1937

Mwana wanga Polikseni,

Moni kwa iwe, kwa amuna ako, ndi kwa mkwatibwi. A Lambros atamaliza kuwerenga ndinadya mbale ziwiri za mphodza ndi buledi theka, ndipo ndinagona masana ngati mwana.

Wavomera bwino. Ukanandifunsa ndikanakuuza zomwezo. Panyanja ndimasanza, ndipo anthu a thonje sindikanadziwa chokamba nawo. Nsalu ya diresi ndinali nditadula kale, koma isanduka makatani, zenera la kukhitchini likufunika.

Krisula umuuze kuti mawondo. Si bodza lonse. Nkhata za ukwati agwire azakhali ake a kwa bambo wake, koma uwayang'anire, manja awo ndi a thukuta. Akadzabwera ku Atene ndi mwamuna wake adzandipeza, ndidzakhala agogo osoka, ndipo ndidzayankhula motsitsa.

Kapepala kaja ndakalandira. A Lambros andigwira chala n'kundiyendetsa pa zilembo chimodzichimodzi. Sindinkadziwa kuti dzina langa ndi lalitali choncho. Afuna kuti akasunge iwo, ndakana. Tsopano akupukuta magalasi, akuti utsi wa mbaula, chonsecho mbaula sindinayatse chiyambire Pasaka.

Chatsala chinthu chimodzi, ndipo alembe monga ndikunenera.

Wati mayi uja amaiimba pang'onopang'ono ngati ya m'tchalitchi. Akuiwononga. Timadonthoto sitinena zonse. Nyimbo imeneyo imayenda ngati munthu amene wachedwa kuntchito. Pa ndime yachiwiri, pamene nyale ikuona woweruza milandu akutuluka pa khomo losakhala lake, woimba amaima, manja n'kuchoka pa piyano, n'kuwerenga mumtima mpaka katatu. Anthu amasekera pamenepo. Akapanda kuima, nyimbo yonse yafa.

Popeza aziimba m'nyumba imene mdzukulu wanga azikhalamo, aziimba bwino. Upeze tsiku limene wakondwa, umuuze mwaulemu. Akafunsa kuti wadziwa bwanji, unene kuti unamva kwa bambo ako.

Mayi wako,
Evanthia